A Mwale a Pansanja, ndi Fodya Amene Ndinkawabisira

Mwezi wathawu tinavundukula mwala wa pamanda a a Jailosi Mwale, patatha chaka chathunthu chiwaikireni. Mwana wawo wamkazi, Esinati, anandipempha kuti ndilembe mbiri yawo yoti iwerengedwe pamwambowo, popeza mwa onse amene tinagwira nawo ntchito ku Imbeza ndatsala ndine ndekha wotha kugwira cholembera. Ndinalemba tsamba limodzi ndi theka. Mkulu wa mpingo anawerenga bwino, ndipo atafika pamene ndinalemba kuti malemuwa anasiya fodya zaka zitatu asanamwalire, nakhala chitsanzo kwa ena, amayi a mumpingo anayankha kuti Ameni. Mawu amenewo anali bodza. Ndinawalemba ndikudziwa.

Tikutuluka pachipata cha manda, mwana wawo wamwamuna, Fungai, amene amayendetsa kombi, minibasi ya ku Penhalonga, anayatsa ndudu. Ndi bambo wa zaka zopitirira makumi anayi, wonenepa m'khosi, ndipo amapuma ngati wasenza thumba ngakhale ali chimanjamanja. Mlongo wake anamudzudzula pomwepo.

"Fungai, ngakhale pano? Nyimbo sinathe n'komwe m'kamwa mwa anthu."

"Sisi, musandisokose," anayankha m'Chichewa chake chosakanikirana ndi Chishona. "Mwamva nokha zimene alemba Bamuniniwa. Mudhara anasiya zaka zitatu. Ndiye chinawatenga n'chiyani? Mtima womwewo. Kusiya, kusasiya, n'chimodzimodzi. Bola ine ndipite ndisakuvutika ndi chibaba. Si choncho, Bamunini?"

Mudhara ndi mmene amanenera kuno mdala, Bamunini ndi bambo wamng'ono, ndipo ana a a Mwale anakula akunditchula choncho ngakhale panalibe chibale cha magazi. Anandiyang'ana kuti ndimuvomereze. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

N'chifukwa chake ndikulembanso. Mbiri iyi palibe mkulu wa mpingo amene adzaiwerenge.

A Mwale anabadwira ku Dedza, anabwera kuno kudziko la olankhula Chishona ali mnyamata, ndipo sanabwererenso. Ankadzitcha okha mtchona, akuseka. Ntchito yawo ya moyo wonse inali ulonda wa moto m'minda ya paini ku Imbeza. Pamwamba pa phiri panali nsanja ya zitsulo ndi matabwa, ndipo iwo ankakwera m'mamawa, n'kutsika dzuwa litalowa. Pambali pawo pankalendewera chidutswa cha njanji. Akaona utsi, ankachimenya ndi nyundo, ndipo ife a m'magulu osadza nthambi tinkasiya macheka n'kuthamanga ndi zozimira moto. Kukomboni kunali a Mwale awiri, ndiye awa tinkawati a Mwale a Pansanja.

Utsi ankaudziwa ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Woyera wothamanga ndi wa udzu. Wakuda wolemera ndiye kuti walowa m'paini ndipo utomoni wagwira. Wopyapyala woima malo amodzi ndi wa munthu wofula njuchi, ndipo ameneyo ankamudziwa ndi dzina lomwe. Ankakonda kunena kuti munthu akhoza kubisa moto, koma utsi umamuneneza.

Pansanja panali lamulo lakuti machesi asakwere. Kapitawo ankawasecha m'matumba m'mawa uliwonse. Ndiye usana wonse ankakoka fodya wa m'mphuno wa m'kabotolo, wina n'kuika kuseri kwa mlomo. Akatsika, asanasambe n'komwe, ankapichira chingambwe, chimene anzathu kuno amati chimonera, n'kusuta chimodzi pambuyo pa chinzake mpaka nthawi yogona. Tsopano ndikawerengera ndimaona kuti kuyambira unyamata wawo, fodya sanachokepo m'magazi mwawo ngakhale theka la tsiku. Zala ziwiri za kudzanja lamanja zinali zofiirira ngati zapakidwa vanishi. Malaya awo onse anali ndi timabowo ta moto, ndipo akazi awo, malemu aNabanda, ankati atopa kuchapa sefa.

Ine ndinawadziwa ndili kale ndi ana awiri koma ndikadali wodinda chala. Tsiku lina anandipeza kusitolo ya zida ndikudinda kuti ndatenga macheka.

"Iwe Lakisoni, chala chimenecho udzadinda mpaka liti? Tsiku lina adzakudinditsa kuti wagulitsa mkazi wako, iwe ukusekerera."

Anthu anaseka. Ine ndinapsa mtima, koma madzulo ake ndinapita kukhonde kwawo. Anandiuza lamulo la sukulu yawo: ine ndizibwera ndi fodya, iwo azipeza nyuzipepala. Ankang'amba pepala mulifupi mwa zala ziwiri, loyenera kupichirira, n'kundipatsa. Ndikawerenga bwino zimene zili pamenepo, tinkapichira n'kusuta mosinthana. Ndikalakwa, palibe wosuta, iwo ngakhale ine. Chibaba chinandiphunzitsa msanga kuposa mmene chikwapu chikanachitira. Nkhani zonse zimene ndinayamba kuwerenga zinali zopanda mutu ndi mchira, chifukwa pepala linkathera pakati pa chiganizo, ndipo ndikafunsa kuti zinatha bwanji, ankati mathero tinasuta dzulo. Kusukulu ya akuluakulu ndinapita pambuyo pake, kukangolandira satifiketi. Kuwerenga kwenikweni ndinakutenga pakhonde limenelo, m'kati mwa utsi.

Tinayambanapo kamodzi kwambiri. Mvula inagwa sabata yathunthu, galimoto sinabwere, nyuzipepala inasowa. Ine ndinaloza buku lawo la nyimbo limene linali litathothoka kale masamba akumapeto, n'kunena kuti tsamba limodzi Mulungu sangalione. Anandithamangitsa ndi chikuni, ndipo anakhala milungu iwiri osandiyankha moni. Anali munthu wopemphera. Koma mpingo utafuna kuwasankha ukulu pokhapokha asiye fodya, anakana, n'kuwauza kuti amene analenga mphuno ndi yemweyo anameretsa tsambalo. ANabanda analira ndi manyazi. Iwo anapitiriza kukhala benchi lakumbuyo, pafupi ndi khomo.

Chimene ankanyadira kwambiri n'chakuti sankatsokomola. Ife tonse ku Imbeza tinkadziwa kuti fodya amapha, koma tinkadziwa njira imodzi yokha. Tinaona mnzathu wa kumakina ochekera matabwa akuwonda, akutsokomola magazi mpaka kufa, ndiye tinkati khomo la fodya ndi chifuwa. Amene satsokomola, fodya wamuyanja. A Mwale ankadzimenya pachifuwa kuti timve mmene chikulilira ngati ng'oma yowamba bwino. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaganizapo za mtima.

Chikhalirecho zizindikiro zinalipo, ndipo ine ndinaziona ndi maso angawa. Kale ankakwera nsanja osaima. Kenako anayamba kuima pakati, ati akuyang'ana mphepo. Kenako kawiri. Poyenda mtunda ankadandaula kuti akatumba a miyendo akukokana, akaima pang'ono n'kusiya. Mapazi awo ankazizira ngakhale mu Okutobala, moti ankavala masokosi awiriawiri. Ndipo panali chimene ankachitcha chilungulira, chowagwira pakati pa chifuwa akafulumira, chimene ankachiza ndi madzi a phulusa. Akapuma chinkatha, iwo n'kuyamikira phulusa.

Nthawi ya jambanja, minda ikulandidwa ndi kugawidwa, mbali imene tinkagwira ife inaduka zidutswa. Obwera kumene ankatentha tchire kuti alime, ndipo moto sudziwa malire. Tsiku lina a Mwale anamenya chitsulo chija kuyambira m'mawa mpaka m'manja munatuluka matuza, koma palibe anabwera, chifukwa magulu anali atabalalika kale. Anaima pamwambapo n'kuonerera mitengo imene anailondera zaka zonsezo ikupsa mzere ndi mzere. Sanakwerenso. Obwera kumene aja ankatiuza kuti tibwerere kwathu, kwathu kumene ana athu sanakuonepo. ANabanda anali atamwalira kale, choncho Esinati anawatenga bambo ake kukakhala nawo m'tauni, ku Sakubva. Ine ndinapeza ntchito ya m'dimba la maluwa ku Fairbridge Park, ndipo Lamulungu lililonse masana ndinkatsika kukawaona.

Ku Sakubva kunalibe kapitawo wosecha machesi. Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa gwafa, anaika benchi la thabwa la paini limene anabwera nalo kuchokera ku Imbeza, n'kumakhala pamenepo akuyang'ana mapiri. Chingambwe chinkayamba ndi tiyi wa m'mawa. Ntchito inali itatha koma maso sanapume. Pakati pa nkhani ankatha kungoti, uko akutentha matayala, kapena, uwo ndi udzu, uzima wokha.

Anagwa koyamba kumsika waukulu wa Sakubva, atanyamulira Esinati ndowa ya tomato, poti iye amagulitsa kumeneko. Amene anaona amati anangokhala pansi, thukuta lili kamukamu, nkhope itatuwa, akugwira dzanja lamanzere ndi nsagwada. Anagona m'chipatala masiku angapo. Tsiku lowatulutsa ine ndinalipo, nditaima kumapazi kwa bedi, nditawagwirira chipewa. Namwino wina wachikulire anakhala nafe pansi. Ankalankhula Chishona, koma ndilemba m'chinenero chathu.

"Agogo, mumasuta?"

"Pang'ono, mwanangu."

"Pang'ono!" anatero Esinati. "Ngati uvuni wa njerwa."

"Koma sinditsokomola, asisitala. Ikani chomveracho apa mumve nokha."

Namwinoyo anati chifuwa si khomo lokhalo. Anafotokoza kuti mtima nawo ndi mnofu, ndipo umadya magazi kudzera m'timitsempha take. Utsi wa zaka zambiri umakanda m'kati mwa mitsempha, mafuta n'kumamatirira pokandikapo, njira n'kumachepa, ndipo magazi a wosuta sachedwa kuundana n'kutseka pamene patsala. Anati utsiwo umalandanso malo a mpweya wabwino m'magazi. Ndiye pali nikotini, chimene chimabweretsa chibaba chija, amene amafinya mitsempha, kukweza kuthamanga kwa magazi, ndi kuukwapula mtima kuti uzigunda mofulumira. Mtima ukuthamangitsidwa, uku chakudya chake chikuchepa. Miyendo yokokana ija, mapazi ozizira aja, chilungulira chija, anati yonseyo ndi nkhani imodzi.

A Mwale anati, "Ndiye kuti payipi yapindika, pampu ikungolira."

Namwino anaseka n'kuvomera kuti n'zomwezo. Anati zimene zinawonongeka sizingabwerere zonse, koma ngakhale pa msinkhu wawo, akasiya, mtima upepukidwa ndipo mankhwala agwira bwino ntchito. Kenako anawonjezera kuti akunena fodya wamtundu uliwonse, wosuta, wa m'mphuno, ngakhale wa m'kamwa. Ndikulemba zimenezi kuti pasadzakhale wonena kuti Lakisoni sanamve. Ndinamva. Chipewa chili m'manja.

Esinati anamenya nkhondo imene sindinaonepo mwana akumenyera kholo. Anataya fodya yense m'chimbudzi. Anayenda kwa mayi aliyense wogulitsa fodya kumsika ndi m'misewu yapafupi, kuwauza kuti wogulitsa bambo ake adzawanyamula yekha kupita nawo kumanda. Analetsa Fungai kusutira pabwalo. Alendo aamuna ankawanunkhiza ngati galu wa apolisi. Munthu mmodzi yekha ndiye sankamusecha.

"Bambo aang'ono, inu amakumverani. Muziwalimbitsa mtima."

Anakhala miyezi isanu osalawa. Milungu yoyamba anali ngati njati yolasidwa. Ankatafuna nzimbe mpaka nkhama kutupa, ankakalipira nkhuku za eni ake, tulo osabwera. Koma pofika mwezi wachitatu, munthu anasintha. Ankayenda kuchoka kunyumba mpaka kumsika osaima panjira. Sokosi yachiwiri anaivula. Anayamba kudandaula kuti Esinati akuchulutsa mchere m'ndiwo, pamene mchere unali womwewo wakale, lilime ndi limene linali litadzuka. Madzi a phulusa anawaiwala. Zimenezi ndinaziona ine, anaziona Esinati, anaziona Fungai.

Tsopano ndifike pa Lamulungu lija la mu Juni.

Kwathu ku Imbeza, monganso kumudzi kumene makolo athu anachokera, fodya sakanizana. Munthu amene simulankhulana naye akakupempha fodya, umamupatsa, mkangano n'kupitirira bwino pambuyo pake. Ndipo wamng'ono sapita kukakhala pa mkulu wake wopanda kafodya kotsina. Kwa ine ndi a Mwale unali woposa mwambo, chifukwa ndiwo anali malipiro a sukulu, ndipo sindinasiye kupereka ngakhale nditadziwa kuwerenga. Miyezi isanu imeneyo ndinkabwera ndi nthochi.

Tsiku limenelo kunkazizira, Esinati ali kumsonkhano wa amayi. Ndinawapatsa nthochi zija. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Lakisoni, ndine nyani ine?"

"Ayi, achimwene."

"A ndi B ndinakuphunzitsa ndi nthochi?"

Ndinayesa kuseka. Iwo sanaseke. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala ka nyuzi, kong'ambidwa kale mulifupi mwa zala ziwiri, n'kundipatsa.

"Werenga."

Ndinawerenga, ine nkhalamba ya imvi, mokweza ngati kale.

"Wakhoza," anatero. Kenako anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, n'kungodikira.

"Achimwene, munamva zimene ananena asisitala aja."

"Ndinamva. Tamvera nawenso. Nsanja anandilanda. Kamunda kanga ka kuseri kwa komboni anandilanda. Mlamu wako anapita. Kumudzi kulibe amene angandizindikire. Mwana wanga womubereka ndekha amandisecha m'matumba ngati kapitawo. Tsopano ndi iwenso, mphwanga? Chatsala n'chiyani choti ndikadzuka m'mawa ndidziwe kuti ndine Mwale?"

Dzanja lija silinatsike. Ndinali ndi kabotolo ka fodya wa m'mphuno mu sokosi, ndipo ndinadziuza kuti ameneyu alibe utsi, sangafike kumtima. Ndinadziuza choncho mawu a namwino akulira m'makutu mwanga. Ndinawathira pachikhatho. Anakoka, anatseka maso, misozi inatsika, ndipo anati, "Ndiwe mwana wa munthu."

Patangotha milungu itatu tinali titabwerera ku chingambwe.

Pampanda wa kuseri panali njerwa imodzi yogwedera. Kumbuyo kwake tinaikako kachitini ka polishi wa nsapato, ndipo ine ndinkakadzaza Lamulungu lililonse. Esinati ankakhala kumsika tsiku lonse. Fungo la m'kamwa ankaliphimba potafuna masamba a gwafa. Za utsi, munthu amene ankati utsi umaneneza anapeza yekha nzeru yake: anayamba kusesa pabwalo tsiku ndi tsiku n'kumatentha zinyalala pafupi ndi benchi, kuti malaya azinunkha utsi wa masamba. Esinati ankawayamikira kwa anzake kuti bambo ake asanduka aukhondo.

Ndakhala ndikudziuza kuti ndinachita chifukwa cha chisoni. Chisoni chinalipo. Koma ndinkaopanso kutchedwa wosayamika kuposa mmene ndinkaopera maliro awo. Ndiponso kusuta ndekha kunkandisowetsa mtendere, ndipo zinkandikomera kuti pa anthu onse a m'Sakubva, mkulu ameneyu ankadikira ine.

Zinatenga zaka ziwiri ndi theka. Sokosi yachiwiri inabwerera. Kumsika anasiya kupita. Akakolo anatupa moti nsapato ankaziponda kuchidendene, ndipo pogona ankachita kutsamira mapilo atatu chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa. Esinati anasokonezeka. Anachita zonse zimene anauzidwa, nanga bwanji bambo ake akubwerera m'mbuyo? Tsiku lina kukiliniki namwino yemwe uja anafunsa ngati akutsimikiza kuti sakusutanso. Esinati anaimirira.

"Ndikulumbira pa manda a mayi anga! Ndimawasecha ndekha. Mankhwala anuwa ndi amene alibe ntchito, ndiye mukufuna kunamizira nkhalamba."

Namwino anayang'ana zala za a Mwale, kenako anayang'ana ine. Kuyambira tsiku limenelo Esinati anataya chikhulupiriro mwa achipatala, n'kuyamba kuyenda nawo kwa aneneri a m'mapiri.

Anamwalira Lamulungu masana, dzuwa likuswa mtengo. Esinati anali kwa oyandikana nawo, nyumba yachitatu, kumene kunali mwana wobadwa kumene. Ndinadzaza kachitini, iwo anapichira, anakoka kawiri. Kenako anaika dzanja pachifuwa n'kunena kuti chilungulira chabwera ndi ukali, ndiwapangire madzi a phulusa. Thukuta linali litayamba kale, nkhope itatuwa ngati tsiku la kumsika lija. Ndinadziwa chimene chinali. Nyumba yachitatu ndi pafupi, kukuwa kamodzi kukanakwana.

Sindinakuwe. Ndinayamba ndapondereza chotsala cha chingambwe n'kuchikwirira. Ndinatseka kachitini, ndinakabwezera, ndinaikapo njerwa. Ndinathyola masamba a gwafa n'kuwapatsa kuti atafune. Ndinakapala phulusa pambaula, ndinasungunula m'kapu, ndinawamwetsa, n'kudikira kuti mwina chitha ngati kale. Atayamba kutsetsereka pabenchi m'pamene ndinathamanga kukaitana. Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Sindikudziwanso ngati mphindi zimenezo zikanawapulumutsa. Palibe amene angandiuze, chifukwa palibe amene ndinamufunsa.

Fungai anabwera ndi kombi. Ine ndinakhala nawo kumpando wakumbuyo, mutu wawo uli pamiyendo panga. Tisanatuluke m'Sakubva anandikoka malaya, ndinaweramira pafupi, ndipo ananong'ona.

"Njerwa wabwezera?"

Ndinati eya. Sanalankhulenso. Pofika pachipata cha chipatala anali atapita.

Patatha sabata chivundukulireni mwala uja, ndinapita pamalo okwerera makombi kukamufuna Fungai. Ndinamupeza akudikira kuti galimoto idzaze. Ndinamukokera pambali n'kumuuza zonse, za nthochi, za kachitini, za zinyalala zotentha. Za mphindi zija zokha ndi zimene zinandikanika. Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira chitseko cha kombi.

"Mudhara anali tsotsi! Zaka zonsezo? Ndi sisi akuwasecha? Haa, Bamunini, inu ndi mudhara munali oopsa."

"Fungai, mwanawe, sindinabwere kudzakuseketsa. Miyezi isanu imene anasiyadi ija, sukukumbukira? Ankafika kumsika osaima. Kusiya kunagwira ntchito. Amene anawononga ndine."

Kuseka kunatha. Anayamba kusisita pachifuwa ndi chibakera, monga amachitira munthu amene chakudya chamukhala.

"N'chiyani pamenepo?" ndinafunsa.

"Palibe. Chilungulira basi. Ndimwa soda."

Ndinamugwira dzanja, ndinamuuza za payipi ndi pampu, mawu akuphonyana m'kamwa. Anandimvera mwaulemu, monga timamverera nkhalamba. Kenako kondakitala anaitana kuti yadzaza. Anatulutsa ndudu ziwiri, imodzi n'kundipatsa, poti fodya sakanizana. Ndinakana, koyamba m'moyo wanga. Anangoiika kukhutu.

"Musadandaule, Bamunini. Ine ndikadali mwana. Ndipo sinditsokomola."

Analiza injini. Ine ndinayenda mpaka pamlatho, ndipo pamenepo ndinapichira changa.

Esinati anamva kwa mlongo wake tsiku lomwelo. Lamulungu lotsatira ndinapita, ndikuyembekezera kutukwanidwa, ndipo ndikanakonda akanatero. Ndinamupeza akusankha nyemba pakhonde.

"Mwaswera bwanji, a Lakisoni."

Chibadwire chake anali asananditchulepo dzina.

"Ndili ndi funso limodzi lokha," anatero, maso ali pa nyemba. "Tsiku limene ndinalumbira pa manda a amayi, n'kunyoza namwino uja pamaso pa anthu, inu munali pomwepo. Munkaganiza chiyani?"

Ndinangopempha kuti ndione kuseri. Anakweza phewa.

Benchi likadali pomwepo, pansi pa gwafa. Pamene ankakhala, thabwa linasalala n'kulowa pang'ono. Ukaweramira kunsi kwake umaona timadontho takuda tambirimbiri m'mphepete, pamene ankazimitsira, kumene Esinati sanaganizepo zoyang'ana. Nthambi zam'munsi za gwafa, zimene zinali zitayera mpaka pofika dzanja la munthu wokhala pansi, zaphukanso masamba, ndipo palibe wowathyola. Zinyalala zaunjikana pakona. Pabwalo lakale lotenthera pamera bonongwe.

Njerwa ija inali mmene ndinaisiyira. Ndinaisolola. Kachitini kachita dzimbiri, fodya wa tsiku lija anauma n'kusanduka fumbi. Pansi pake panali timapepala tisanu ndi kamodzi, tong'ambidwa bwino mulifupi mwa zala ziwiri, todikira Malamulungu amene sanafike. Ndinatenga kamodzi n'kuwerenga mokweza. Chiganizo chinathera pakati. Ndinadikira pang'ono, koma panalibe wonena kuti ndakhoza.

Cha kumapiri a ku Penhalonga kunkakwera utsi. Ndinauyang'ana nthawi yaitali, osadziwa ngati ndi wa udzu kapena walowa kale m'paini.